Kodi Mnansi Nkulembedwa Ngati Mankhwala?

Ku Area 10, mu mzinda wa Lilongwe, nyumba nzazikulu ndipo mipanda njaitali. Kuseri kwa mipandayo kuli okalamba ena amene adapuma pa ntchito, ena ofa ziwalo. Mankhwala ali nawo, koma wowazonda ndiye palibe.

Nthenda yosungulumwayi ili ponseponse. M'chaka cha 2019 akulu a zaumoyo ku England adalimbikitsa kuti dokotala azitumiza odwala otere ku kwaya, ku dimba kapena ku gulu la anzawo. Ku Harare, kuyambira 2006, Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo kumvetsera osweka mtima pa benchi la pachipatala. Nawonso akatswiri ochiritsa ndi ntchito amaphunzitsa dzanja lopuwala kugwiranso chipande ndi khasu. Koma dzanjalo likachira, lidzapakulira yani?

Nzeru imeneyi njabwino ndithu, komabe ikuneneza anansi. Pakuti ngati kucheza kuyenera kudikira chikalata cha dokotala, ndiye kuti wina wagona pa udindo wake. Dokotala angathe kuloza khomo, koma kugogoda nkwa mnansi. Akale sadaname: kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.