Mlendo ndi mame

Kwathu kwa Kapelula mwambiwu umatuluka pakamwa pa agogo mwana akakwinya nkhope poona kuti nsima yachepa chifukwa kwabwera mlendo. Mame amagwa usiku, dzuwa likangowala akamuka. Choncho mlendo muyalireni mphasa yabwino, mphereni nkhuku, musamuwerengere mbamu, poti mawa adzakhala atapita ndipo mbiri ya pakhomo panu idzapita naye. Ngakhale matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo timawaona motero: fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, ambiri amamanga katundu.

Nkhondo ya ku Mozambique inauyesa mwambiwu. Frelimo ndi Renamo atalimbana koopsa cha mu 1986, anthu anakhamukira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza mpaka anakwana miliyoni. Tinagawana nawo zitsime ndi nkhuni, mapiri n'kuyera. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo. Mawu a akulu anapherezera, ngakhale mochedwa.

Ku Dzaleka, kwa anansi athu a ku Dowa, zinthu sizikuyenda choncho. Malo amene anali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu anasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994. Anakonzera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Ambiri ndi ochokera kum'mawa kwa DRC, kumene zigawenga za M23 zinalanda Goma mu Januwale 2025, n'kulandanso Bukavu mwezi wotsatira. Pankhondo yomweyo tinataya asilikali athu atatu. Nanga wa ku Kivu, dera la mizinda iwiriyi, abwerere kuti? Amene anabadwira mumsasamo utangotsegulidwa pano ali ndi ana ake, ndipo Chichewa amachilankhula ngati wa kwa Msakambewa.

Apa m'pamene ndimatsutsana ndi agogo. Chifundo cha mwambiwu chimadalira kuti munthuyo anyamuka, ndipo akapanda kunyamuka chimasanduka msunamo. Ndondomeko ya boma nayonso imaganiza chimodzimodzi: akhale mumsasa, asalembedwe ntchito kunja, adikire tsiku lobwerera, ngati kuti amene akuwombana ku Kivu anatiuza tsiku lomwe adzatule mfuti. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anagwira othawa kwawo amene ankachita malonda mu Lilongwe, ndi ana omwe, n'kukawagoneka kundende ya Maula asanawatutire ku Dzaleka. Chaka chomwecho bungwe la WFP, posowa ndalama, linadula thandizo la chakudya mumsasamo kufika pa theka.