KODI WOPUNTHWA POYAMBA ANGAFIKE?

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri imene, tikaiika pamodzi, imaoneka ngati ikukangana. Woyamba umati, "M'mera mpoyamba," ndipo utiphunzitsa kuti chimanga chimene chafooka chili chanthete sichidzabereka bwino. Unzake umati, "Kuthamanga sikufika," ndipo utichenjeza kuti wotsogola m'mawa sindiye amene amayamba kulowa m'mudzi madzulo. Tsono funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu owerenga, ndi ili: kodi mwana amene sanakhoze bwino m'makalasi oyamba angayembekeze kulowa m'sukulu zaukachenjede zimene anthu amalimbirana koposa? Ndipo kodi n'chilungamo kumuweruza ndi malikisi a paubwana wake?

Funso limeneli si lamasewera kwathu kuno ku Mwanza. Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani makolo amakhala pansi kugamula za ana awo. Wina amati, "Uyu mutu wake ngwouma, angopita kukagulitsa manachesi kumsewu." Wina amati, "Mtsikanayu angokwatiwa." Mawu otere akayankhulidwa pakhonde amalemera kuposa chikalata cha Boma, pakuti mwana amawakhulupirira.

Tiyambe taona mmene zinthu zimayendera. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1965. Pambuyo pake panabwera ya Mzuzu, ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, ndi ya MUST ku Thyolo imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014. M'chaka cha 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo sukulu za madokotala ndi anamwino zinakhala KUHeS. Posankha olowa m'sukulu zimenezi amayang'ana mayeso a MSCE a ku Fomu 4. Munthu afunika kukhala ndi makirediti 6, ndipo pakati pake pakhale Chingerezi. Powerengera mapointi, ochepa ndiwo abwino. Wopambana kotheratu amapeza 6. Kale, kuyambira 2009, ankayang'ananso boma limene munthu achokera, koma mu 2020 Boma linalengeza kuti njira imeneyo yatha.

Apa tikuona chinthu choyamba chotonthoza mtima. Palibe wosankha amene amafunsa kuti, "Kodi iwe unali nambala chiyani mu Sitandade 5?" Malikisi a kupulaimale salembedwa pachikalata cha Fomu 4. Motero amene amauza mwana kuti khomo latsekeka chifukwa anabwereza kalasi akunena zabodza, ngakhale atanena mosadziwa.

Koma tisathamangire kukondwera, pakuti pali choonadi chachiwiri chowawa. Mayeso a Sitandade 8 ndiwo amagawa ana kumasekondale. Okhoza koposa amapita kusukulu zazikulu zogonera komweko, kumene kuli mabuku, zipangizo za sayansi ndi nthawi yowerenga usiku. Ambiri otsala amapita kumasekondale oyendera a m'midzi, kumene mwana amayenda mtunda wautali, nabwerera kukatunga madzi ndi kukalima, ndipo nthawi zina amaphunzira za sayansi osakhudzako chipangizo chilichonse. Onsewa pamapeto pake amalemba mayeso amodzimodzi. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma ana athuwa sayambira limodzi. Chotero kupunthwa koyamba sikutseka khomo, koma kumatalikitsa njira, ndipo malo kumapeto kwa njirayo ndi ochepa kuyerekeza ndi owafuna. Amene abisa zimenezi kwa mwana nayenso sakumukonda.

Tsopano tifunse: kodi malikisi a mwana wa zaka 10 amayeza chiyani? Ife aphunzitsi timadziwa kuti sayeza nzeru zokha. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ana anachuluka m'makalasi koposa aphunzitsi ndi zipinda. Mwana wokhala kumbuyo kwa khamu lalikulu samva bwino, ndipo palibe amene amazindikira kuti maso ake saona pabolodi. Wina amabwera wosadya. Wina amajomba nyengo ya manachesi pothandiza makolo kuthyola ndi kusenza madengu. Wina nkhani amaidziwa, koma funso lalembedwa m'Chingerezi chimene kwawo sachimva. Malikisi otsika angakhale umboni wa ulesi, inde; koma angakhalenso umboni wa njala, matenda kapena umasiye. Woweruza wolungama sagamula mlandu asanamve kuti mboniyo ikunena za yani.

Mlimi wa manachesi angatiphunzitse kanthu. Iye amadziwa kuti mbande siibala chaka chimene yabzalidwa, ndipo sadula mtengo chifukwa unafota m'chilimwe choyamba. Amayamba wafufuza ngati vuto lili m'nthaka, m'madzi kapena m'tizilombo. Kodi mwana wa munthu sayenera kuleza naye mtima kuposa mtengo?

Pali nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anabadwa mu 1987. Atalemba mayeso a Sitandade 8 sanasankhidwire kusukulu yogonera. Anapita ku Kachokolo, sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwawo. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kulipira fizi ndipo anasiya sukulu. Koma sanasiye kuwerenga. Ankabwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku ka pasukulu ya pulaimale, ndipo ndi zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga anamanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya kwawo. Mu 2007 anakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha. Kenaka anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College, imodzi mwa sukulu zovuta kulowamo ku America.

Nkhani imeneyi tiigwiritse ntchito mosamala. Siikutiphunzitsa kuti aliyense wolephera adzafika ku America, pakuti Kamkwamba anapeza anthu amene anaona ntchito yake namuthandiza, ndipo alipo ambiri anzeru zonga zake amene sanaonedwe ndi munthu. Chimene ikutiphunzitsa ndi ichi: mayeso a tsiku limodzi sanathe kuyeza zonse zimene zinali mwa mnyamatayo, ndipo iye sanakhale pansi kudikira chifundo, koma anapanga kanthu kooneka ndi maso.

Wina adzanditsutsa kuti, "Nanga mwana amene analimbikira chiyambire Sitandade 1, kodi n'chilungamo kuti alingane ndi amene anadzuka mochedwa?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake ndi lakuti wodzuka mochedwa sitikumupemphera kuti amuchepetsere muyeso. Dokotala wolowa mwachifundo adzapha odwala, ndipo mlatho womangidwa ndi wosadziwa masamu udzagwa ndi anthu. Muyeso ukhale umodzi kwa onse. Chimene tikukana n'chakuti munthu ayezedwe lero ndi msinkhu wake wadzana. Ngati pofika Fomu 4 wochedwa uja wapeza mapointi ofanana ndi mnzake, walipira kale ngongole yake ndi thukuta lowirikiza, ndipo palibe amene wamulanda kanthu.

Tsono udindo uli pa anthu atatu. Kholo lisatchule mwana dzina la "mbuli," pakuti dzina limamera mizu. M'malo mwake lipite kusukulu likafunse chimene chikuvuta. Mphunzitsi anene zoona zonse ziwiri, kuti njira ilipo ndiponso kuti ndi yotsetsereka, ndipo asataye nthawi yake yonse pa ana asanu a kutsogolo. Mwanayo naye adziwe kuti mwayi wachiwiri sudzera m'maloto. Ngati maziko a masamu ndi Chingerezi anagumuka, abwerere akawamange, osachita manyazi kufunsa ngakhale kwa wamng'ono, poti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ngati MSCE siinayende bwino, mayeso amalembedwanso. Ndipo alipo amene anayamba ndi sukulu ya uphunzitsi kapena ya ntchito zamanja, nagwira ntchito zaka zingapo, nalowa kuyunivesite pakhomo la akuluakulu.

Tiyeneranso kukumbukira kuti si onse olimbikira amene adzapeze malo, ndipo wosapeza malo sanachepe umunthu. Mmisiri wokhulupirika ndi mlimi wodyetsa banja lake ali ndi ulemu wosachepera wa munthu wa digiri. Yunivesite ndi khomo labwino, koma si chiweruzo chomaliza cha mtengo wa munthu.

Nanga miyambi yathu iwiri ija tiiweruze bwanji? Yonse ndi yoona, koma iliyonse ili ndi mwini wake. "M'mera mpoyamba" ndi mawu a kwa ife akulu, otikakamiza kusamala mwana akali wamng'ono kuti asapunthwe n'komwe. "Kuthamanga sikufika" ndi mawu a kwa mwana amene wapunthwa kale, omuuza kuti adzuke. Tikasinthanitsa, n'kumuponyera mwana wogwa mwambi umene unali wathu, ndiye kuti tamusenzetsa mlandu wa ulesi wathu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ntchito yathu ndi kuona kuti pasakhale womuponda asanadumphe kachiwiri.