Sitiripi imodzi, odwala awiri

Funso la lero nali: ngati muli ndi m'bale wogwira ntchito kuchipatala, kodi n'kulakwa kumupempha kuti akutapireni masitiripi oyezera shuga a mayi anu?

Ambirife tingati palibe vuto. Wodwala shuga wa ku Tsangano akafuna chipatala chachikulu amatsika mpaka ku Ntcheu boma, ndipo thiransipoti yokha imadya ndalama ya kachewere. Makina oyezera mumagula kamodzi, koma sitiripi ikayeza kamodzi yatha, komanso iyenera kukhala ya mtundu wa makinawo. Ndiye ndani angadzudzule mwana wofuna kupulumutsa kholo lake?

Komabe taganizani. Kuchipatala cha boma masitiripi amakhala owerengeka. Iliyonse yotulukira kuseri yalandidwa kwa munthu wina, mwina agogo obaya insulin omwe alibe wowadziwa. Shuga wawo akatsika pansi pa 3.9 mmol/L amanjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kukomoka kumene, ndipo popanda kuyeza anesi amangopenekera. Wakumwa metformin yekha sakhala pa ngozi yofanana. Kusowa kwathu n'koona, koma sikufafaniza kusowa kwa mnzathu. Nanga m'bale uja? Katunduyo anangosungitsidwa, ndiye tikumupempha aphwanye amana.

Njira yoyera ilipo. Funsani adokotala poyera kuti mayi aziyezedwa kangati, alembe m'buku la kuchipatala. Zikaperewera, pabanja sonkheranani mukagule ku famase. N'zopweteka m'thumba, inde, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku lina wopanda womudziwa pamzerepo adzakhala wathu.