Mapazi a Mfumu Asa ndi Miyendo Yathu Yosagona

Kuwerenga: 2 Mbiri 16:1-14, 2 Mafumu 20:1-7

Pali ndime ina ya m'Baibulo imene yabweza odwala ambiri panjira ya ku cipatala. Ndi nkhani ya Asa, mfumu ya Yuda. M'caka ca 39 ca ufumu wake anadwala mapazi, nthenda inakula, ndipo Mau amamdzudzula kuti anatsamira pa asing'anga nasiya Mulungu. M'caka ca 41 anamwalira. Ena akawerenga pamenepa amatseka buku nkunena kuti mkhristu weniweni sayenda kwa dokotala.

Tisafulumire, tiwerenge mutu wonse. Zaka zitatu mapazi asanayambe, Baasa mfumu ya Israyeli anamuopseza ndi nkhondo. Asa anatulutsa siliva ndi golide m'nyumba ya Mulungu nakagula nazo thandizo la Benihadadi wa ku Damasiko. Mlauli Hanani atabwera kudzamcenjeza, anamponya m'ndende. Mwaona? Mtima wa Asa unali utacoka kale pa Mulungu. Nthenda ija inangoonetsa poyera cimene cinali mkati. Tsono muyerekeze ndi Hezekiya, amene analira kwa Mulungu ali pafupi kufa. Mneneri Yesaya yemweyo amene anabweretsa uthenga wa zaka 15 zoonjezera, ndiye analamulanso kuti aike nkhuyu pa cithupsa. Pemphero ndi mankhwala zinakumana m'cipinda cimodzi. Ndi cifukwa cake mpingo wathu uli ndi zipatala monga ca ku Nyanje ndi ca ku Kamoto, ndipo sunacite nazo manyazi.

Baibulo silichula dzina la nthenda ya Asa. Koma ilipo nthenda ina ya miyendo pakati pathu imene ambiri akuisenza mwakacetecete, cifukwa ndi yobvuta kuifotokoza. Usana munthu ali bwino, amalima, amatunga madzi. Akangokhala pansi madzulo kapena kugona pamphasa, mkati mwa miyendo mumayamba ngati nyerere zikuyenda, kapena ngati wina akukoka mitsempha. Sikuwawa kweni-kweni, koma munthu sangathe kupirira osasuntha mwendo. Akadzuka nkuyenda-yenda zimaleka, akagonanso zimabwerera. Kumaca ndiye tulo tabwino timabwera, nthawi yoti adzuke kukasonkha moto.

Nthendayi si yacilendo. Dokotala wa ku England, Thomas Willis, anailemba mu 1672, ndipo mu 1945 Karl-Axel Ekbom wa ku Sweden anaifotokoza bwino naipatsa dzina lotanthauza miyendo yosapuma. Pa Cingerezi amati restless legs syndrome. Dzinali mulisunge kuti mukalichule ku cipatala. Imagwira akazi pafupi-fupi kuwirikiza kawiri kuposa amuna. Imayenda m'magazi a pabanja, motero mwana wamkazi angaitenge kwa amake. Mai mmodzi mwa asanu oyembekezera amaimva m'miyezi yomaliza, ndipo kawiri-kawiri imatha akacira.

Cimene cimandiwawa ndi maina amene timaipatsa. Wina amati ndaponda mankhwala panjira. Wina amati afiti amandiyendetsa usiku, ndipo cala cimaloza apongozi kapena nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo. Miyendo imadzala mphini, mbuzi imapita kwa sing'anga, ndipo ubale wa zaka zambiri umatha. Enanso amathamangira kwa aneneri a masiku ano kukagula madzi ndi mafuta. Kodi si njira ya Asa imeneyi, kutenga cuma ca m'nyumba nkukagula thandizo kumene kulibe? Ndipo lamulo lacisanu ndi cinai, lija loletsa umboni wonama, timaliika kuti pamene tinamizira gogo wosalakwa?

Gwero lake nthawi zambiri ndi kucepa kwa ayironi m'thupi, maka-maka mu ubongo, kumene amathandiza pa nchito ya dopamine, mankhwala acibadwa amene amaongolera kayendedwe ka minofu. Ife amai timataya ayironi m'njira zambiri: kubereka pafupi-pafupi, kusamba kwambiri pamene tikuyandikira msinkhu woleka, njoka za m'mimba, ndi nsima ya ndiwo zocepa. Apa ndilankhuleko monga mphunzitsi. Mukhoza kupimitsa magazi nkuuzidwa kuti ndi okwanira, koma nkhokwe ya ayironi iri pafupi kutha, monga nyumba imene ufa ulimo m'dengu koma cimanga m'nkhokwe mulibe. Cipimo ca nkhokweyo amachula kuti ferritin, ndipo pa nthenda iyi madokotala amayamba kuganizira zoonjezera ayironi cikakhala pa 75 kapena kucepera. Matenda a impso ndi a shuga nawonso amayenda nayo.

Nanga mtima ukulowamo bwanji? Mulungu anakonza kuti tikagona, mtima nawo umasulidwe goli ngati ng'ombe yocoka kumunda. BP imatsika ndi magawo 10 kufikira 20 pa 100 alionse. Koma anthu asanu ndi atatu mwa khumi odwala nthendayi amaponya miyendo ali m'tulo, pa masekondi 20 kufikira 40 alionse, iwo eni osadziwa. Amene amadziwa ndi abambo a kunyumba. Mwendo ukangogwedezeka, mtima umathamanga ndipo BP imakwera kwa kanthawi. Werengani kuti zimenezi zimacitika kangati usiku umodzi, ndipo usiku ungati pa caka. Mu 2012 kafukufuku wa ku America wochedwa Nurses' Health Study, wa anamwino oposa 70,000, anaonetsa kuti amai amene anakhala ndi nthendayi zaka zitatu kapena kuposa anadwala mitsempha ya mtima kuposa anzao. Kafukufuku wina wamkulu wa caka comweco sanapeze kugwirizana kumeneku, motero musacoke pano mukuti miyendo idzakuphani. Cimene akatswiri amabvomerezana ndi cakuti tulo toduka-duka timalemetsa mtima. Mu 2022 bungwe la American Heart Association linaika tulo, maola 7 kufikira 9 kwa munthu wamkulu, pa zinthu zisanu ndi zitatu zosunga mtima. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu mu Zambia ali ndi BP yokwera. Mai amene ali kale ndi BP, kenaka usiku sagona, wasenza mitolo iwiri pamutu umodzi.

Tsono mukapite ku kiliniki. Mukafotokoze zinthu zinai: kufuna kusuntha miyendo, kuti kumabwera mukapuma, kuti kumaleka mukayenda, ndi kuti kumakula usiku. Izi ndi zimene zimaisiyanitsa ndi kukokana kwa minofu kapena kutentha kwa mapazi kwa odwala shuga. Mukapemphe kupimidwa BP, shuga ndi magazi; BP ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, ifunika cisamaliro. Munyamule mankhwala onse amene mukumwa. Ambiri timameza Piriton kuti tigone, osadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewo amaikulitsa nthendayi. Amitriptyline nayenso amatero kwa ena, koma ngati anakulemberani dokotala musaleke nokha, kamufunseni. Mapiritsi a ayironi musagule mwa kungoganiza, pakuti wocuruka amaononga ciwindi. Kwa amene yawakulira, alipo mankhwala monga gabapentin, operekedwa ndi dokotala.

Za kukhichini muzidziwa kale kuposa ine. Kapenta, nyemba, ciwindi, bonongwe ndi cibwabwa ziri ndi ayironi, ndipo lalanje, gwafa kapena malambe zimathandiza kuti alowe m'thupi. Tiyi womwera pa cakudya amatsekereza ayironi, motero mudikire ola limodzi. Khofi ndi zakumwa za kola zisamwedwe madzulo. Mcere usapitirire kasupuni kamodzi pa tsiku, ndiwo magalamu 5. Za nsunko ndinena mosabisa, pakuti ena timavala yunifomu yoyera pa Cinai kabotolo kali m'cikwama: fodya ameneyo amakweza BP ndipo miyendo saipatsa mtendere. Kuyenda pang'ono madzulo, kuthowa miyendo ndi madzi ofunda ndi kuisisita musanagone zimathandiza ambiri.

Cotsala ndi ca ife a Cigwirizano. Tikaona mnzathu akuodzera nthawi ya ulaliki, kapena akutuluka-tuluka pa msonkhano wa usiku ndi pa maliro, tisayambe kunong'onezana kuti wazirala pa cikhulupiriro. Mwina wakhala miyezi osalawa tulo. Mumfunse pambali, mwaulemu. Mumleke akhale kumapeto kwa benchi kuti aziimirira akafuna. Poyendera okalamba m'midzi ndi m'makomboni, titatha kupemphera tiwafunsenso kuti, “Amai, kodi mumagona bwanji usiku?” Akayankha za nyerere m'miyendo, mmodzi wa ife apangane nao tsiku lowaperekeza ku kiliniki, ndipo ya basi ituluke m'thumba la Cigwirizano.