Ndani adzatsitse chingwe m'chitsime?

Lamulungu la 20 pa Chaka (C): Yeremiya 38:4-6, 8-10, Ahebri 12:1-4, Luka 12:49-53



Mau oyamba a lero akutionetsa mprofeta Yeremiya ali m'chitsime chopanda madzi, akutitimira m'matope. Ife a m'Chigwa cha Shire matope timawadziwa. Tinawaona mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi pano pa Kapichira, tinawaonanso mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy. Munthu wotitimira m'matope akamaphiriphitha ndiye amalowereratu. Amafunika wina woima pouma kuti amukoke.

Kodi Yeremiya analakwanji? Nduna za mfumu Zedekiya zinamuneneza kuti mau ake akutayitsa mtima asilikali ndi anthu a mumzinda, ndiponso kuti safunira dziko lake zabwino. Masiku ano tikanati ndi mlandu woukira boma. Mfumuyo, poopa nduna zake, inangompereka m'manja mwao.

Yeremiya sankalalika ndi pakamwa pokha. Anaphwanya mbiya pamaso pa akuluakulu, ndipo wansembe Pasuri anamukwapula n'kumutsekera m'matangadza (mutu 19 ndi 20). Anayenda atasenza goli pakhosi ngati ng'ombe (mutu 27). Yesaya anayenda wosavala ndi wopanda nsapato zaka zitatu (Yesaya 20). Ezekiele anajambula mzinda wa Yerusalemu pa njerwa (Ezekiele 4). Anthu akagontha m'khutu, Mulungu ankawalankhula kudzera m'maso, pamsewu, poyera. Makolo athu nawonso ankadziwa njira imeneyi: dandaulo limene mai sakanatha kulinena pabwalo ankaliimba pamtondo, ndipo mudzi wonse unkamva.

M'dziko mwathu muno oimba, alakatuli ndi a zisudzo alowapo m'chitsime chotere. Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Evison Matafale, woimba wa ku Chileka, anamangidwa mu Novembala 2001 chifukwa cha kalata yodzudzula boma, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Mu Disembala 2011 apolisi anagwira Thlupego Chisiza ku Blantyre akuonetsa sewero lotchedwa Semo, ponena kuti analibe chilolezo cha bungwe lounika zisudzo. Bon Kalindo, amene ambiri timamudziwa ndi dzina la Winiko, anamangidwa mu Januwale 2019 pomuganizira kuti wanyoza mtsogoleri wa dziko, ndipo boma litasintha anamangidwanso kangapo pa nthawi imene ankatsogolera zionetsero zodandaula kukwera mtengo kwa zinthu mu 2021 ndi 2022. Onani zaka zimenezi: ndi maboma osiyanasiyana, zipani zosiyanasiyana. Choncho nkhaniyi si ya chipani chakuti. Ndi ya mtima wa munthu akakhala pampando.

Mpingo wathu nawonso unalawako. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi ya m'nyengo ya Lenti inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Mmodzi mwa amene anaisayina anali Ambuye Felix Mkhori a dayosizi yathu ino ya Chikwawa. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, ndipo Monsinyo John Roche a ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ulamuliro wa zipani zambiri. Lero malamulo aakulu a dziko lino amateteza ufulu wolankhula m'gawo 35, ufulu wochita zionetsero mwamtendere m'gawo 38, ndipo gawo 42 limati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Ufulu umenewu ena anauvutikira, ndipo ife a Katolika tisakhale oyamba kuuiwala.

Tisafulumire kunena kuti aliyense wokuwa pamsewu ndi mprofeta. Hananiya nayenso anachita sewero lake pagulu: anachotsa goli pakhosi pa Yeremiya n'kulithyola, nalonjeza anthu mtendere wabodza (mutu 28). Anthu amakonda wowauza zokoma. Tiyeni tsono tizifunsa: kodi zimene akunenazo ndi zoona? Akulankhulira osauka kapena akudzifunira mpando? Akudzudzula ntchito zoipa kapena akutukwana munthu ndi mtundu wake? Kuthyola sitolo ya mnzako ndi kutentha katundu ndi kuba ndi kuononga basi, ngakhale utanyamula chikwangwani. Mu 2016 Winiko anayenda ku Lilongwe atavula pafupifupi zovala zonse podandaula kuphedwa kwa abale athu achialubino. Kulira kwake kunali koyenera, koma chilango cha imfa chimene ankapempha Mpingo sugwirizana nacho. Tingathe kutsutsana ndi munthu pa zina, komabe n'kukana kuti aponyedwe m'chitsime chifukwa cha nyimbo kapena sewero.

Amene anapulumutsa Yeremiya ndi Ebedemeleki, munthu wa ku Kusi, Mwafrika mnzathu, wantchito wa kunyumba ya mfumu. Anali ndi ntchito yoti akanaitaya. Komabe anapita kwa mfumu pa chipata cha mzinda, poyera, nanena kuti zimene achita anthuwa n'zoipa. Mukawerenga mpaka ndime 13 mupeza kuti pamodzi ndi zingwe anatsitsanso nsanza, kuti mprofeta aike m'khwapa zingwezo zisamucheke. Kulimba mtima ndi chifundo zinayendera limodzi.

Mu Mthenga Wabwino Ambuye Yesu akutichenjeza kuti choonadi chao chidzagawa anthu ngakhale a m'nyumba imodzi. Iwo omwe anagubuduza matebulo m'Nyumba ya Mulungu, ndipo kwa Pilato anawaneneza kuti akusokoneza anthu. Mtendere wongokhala chete poopa si umene anatisiyira.

Nanga ife tichitenji sabata ino? Amene muli apolisi, a kukhoti ndi a m'maofesi a boma, inu ndinu muli pamalo a Ebedemeleki: musalole kuti dzanja lanu ligwiritsidwe ntchito potseka pakamwa munthu wosalakwa. Atsogoleri, kumbukirani kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Achinyamata oimba ndi a zisudzo, luso lanu ndi mphatso ya Mulungu. Nenani zoona, musatukwane, musagulidwe. M'miphakati yathu tikonze zokaona akaidi ku ndende ya Chikwawa, ndipo tikamva kuti wina wasungidwa kupyola maola 48 osapita ku khoti, tidziwitse a bungwe la Chilungamo ndi Mtendere.

Ambuye atipatse makutu omva chidzudzulo ndi manja otsitsa chingwe. Amen.

Katekisiti wa Parishi