PHUNZIRO LA MANKHWALA, ZITHUMWA NDI KUSAMALA ODWALA

Abale anga okondedwa, inu amene mwalembetsa maina kuti mulandire ubatizo pa usiku wa Paskha, cherani khutu. Usiku umenewo wansembe adzakufunsani pamaso pa mpingo wonse ngati mukukana Satana ndi nchito zace, ndipo mudzabvomera ndi mau okweza. Kubvomera m'chalichi, pakati pa nyimbo ndi makandulo, nkosabvuta. Kubvuta kumadza tsiku lina, mwana atatentha thupi pakati pa usiku, agogo ace atatereka kale mphika wa mizu pamoto, amalume ace akuti kukaca tipite kwa woombeza tikamve amene wacita zimenezi. Phunziro lino likukonzekeretsani inu pa ora limenelo.

1. Zabwino zimene makolo anatisiyira

Poyamba tisanamizire makolo athu. Iwo anadziwa kuti kuli Mulungu, Cauta, Namalenga, Mphambe, asanafike amisiyoni. Anatiphunzitsa kuti maliro sasiyidwa kwa banja limodzi, kuti wodwala amazondedwa, kuti mwana wamasiye ali ndi mbale yace pa nkhomaliro, kuti munda wa mai wamasiye umalimidwa pa dima. Azamba anabadwitsa ana, ankhoswe anayanjanitsa mabanja. Zonsezi Eklezia sazitaya. Pa msonkhano waukulu wa Vatikano Waciwiri, m'caka ca 1965, maepiskopi a dziko lonse anaphunzitsa kuti Eklezia sakana kanthu koona ndi koyera kamene kapezeka m'zipembedzo za mitundu ya anthu. Cotero munthu wobatizidwa saleka kukhala mwana wa mudzi wace. Ayenera kupambana anzace pa ulemu, pa cifundo ndi pa kuthandiza.

Koma mu nkhokwe imodzi mukhoza kukhala cimanga cabwino ndi cofumbwa. Mwini nyumba wanzeru amasankha.

2. Mitengo ndi mizu nza Mulungu

Ena amaganiza kuti mkristu saloledwa kumwa mankhwala a zitsamba. Kumeneko nkulakwa. Amene analenga mitengo ndi Mulungu, ndipo mphamvu imene iri m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu anaikamo ndi Iye. Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 38, litiuza kuti tizilemekeza wociritsa ndi kuti munthu wanzeru sanyoza mankhwala ocokera m'nthaka.

Ngakhale mankhwala ambiri a ku cipatala anayambira ku chire. Kwinini, amene anapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo, acokera ku makungwa a mtengo wa ku Peru wochedwa cinchona. Ansembe aciJezuiti anathandiza kufikitsa makungwawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'caka ca 1820 akatswiri awiri a ku França, Pelletier ndi Caventou, anapatula mphamvu yace. Mankhwala a malungo amene timalandira masiku ano acokera ku citsamba ca ku China, cimene mai Tu Youyou ndi anzace anapezamo mphamvu m'caka ca 1972.

Kusiyana kwace nkwakuti mankhwala a ku cipatala anayesedwa, ndipo muyeso wace udziwika, wa mwana ndi wa wamkulu. Za mu mphika wa kunyumba muyeso wace sudziwika bwino, ndipo muzu umene uthandiza bambo wamphamvu ukhoza kupha khanda kapena kubvulaza mai wapakati. Tsono kumwa zitsamba si chimo, koma kumafuna nzeru ndi kusamala.

3. Pamene mphika usanduka msampha

Funsani mafunso atatu pa mankhwala ali onse amene mupatsidwa.

Loyamba: kodi mphamvu yace icokera kuti? Ngati akuuzani kuti muwiritse masamba awa, mumwe m'mawa ndi madzulo, palibe mlandu. Koma akati mukasambire pa mphambano usiku muli maliseche, mukwirire nyanga pakhomo potsirika nyumba, mubwere ndi dothi la kumanda, tsitsi la mnzanu kapena cizimba cina kuti mankhwala agwire, dziwani kuti simulinso pa mtengo wa Mulungu. Mwayamba kudalira mphamvu zobisika zimene munthu afuna kuzilamula ngati kapolo wace. Lamulo loyamba litiletsa zimenezi. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa caka ca 1992, pa nambala 2117, aletsa matsenga ndi kubvala zithumwa, ndipo anena kuti mankhwala a makolo sapatsa munthu ufulu woitana mphamvu zoipa kapena wodyera anthu osadziwa.

Laciwiri: kodi alipo amene abvulazidwa nawo? Mai amene athira konda-ine m'ndiwo za mwamuna wace safuna cikondi, afuna kumanga mtima wa mnzace monga amangira mbuzi pa cikhomo. Munthu wofuna kukhwima kuti alemere amauzidwa zinthu zonyansa, ndipo njira imeneyi mathero ace ndi magazi. M'zaka za 2014 ndi 2015, muno m'Moçambique ndi ku Malawi, abale athu acialubino anasakidwa ndi kuphedwa cifukwa ca bodza lakuti ziwalo zao zibweretsa cuma. Mafupa ao ndi ofanana ndi anu ndi anga. Amene akhudza iwo akhudza cifaniziro ca Mulungu.

Lacitatu: kodi mankhwalawa akuticedwetsa kupita kumene kuli cithandizo? Taonani za liwombo. Khanda likatsekula m'mimba liwombo limalowa, ndipo amai amathamangira kumata mankhwala pamutu. Koma liwombo lalowa cifukwa madzi atha m'thupi, ndipo phala la pamutu silingawabwezeremo. Mwanayo ayenera kuyamwa kawirikawiri ndi kumwa madzi a mu paketi ya ku cipatala. Paketi ikasowa, wiritsani lita 1 ya madzi, muziziritse, muthiremo timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere, muzimwetsa pang'onopang'ono muli pa njira ya ku cipatala. Cimodzimodzi mwana wotentha thupi amene wayamba kukomoka: kawirikawiri amakhala malungo, obwera ndi udzudzu, ndipo tsiku limodzi lotayidwa kwa woombeza likhoza kukhala lomaliza. Kumbukiraninso kuti lumo limodzi lotemera mphini anthu ambiri likhoza kupatsirana kacirombo ka Edzi.

4. Chimo la kuloza mnzako cala

Coipa copambana zonse m'miyambo yacikunja ndi funso lija lakuti: wacita ndani? Woombeza sabwerera wopanda dzina, pakuti walandira nkhuku ndi ndalama. Ndipo dzina limene lituruka silikhala la munthu wamphamvu. Limakhala la nkhalamba yokhala yokha, la mai wosabala, la mlendo, kapena la amene munakangana naye malire a munda.

Kale munthu wotere ankamwetsedwa mwabvi. Akasanza ankati ngwosalakwa, akafa ankati ndiye mfiti. Koma makungwa a mwabvi ali ndi ululu umene umaimitsa mtima, ndipo ululu sudziwa mlandu wa munthu. Kusanza kapena kufa kunkatsata kuculuka kwa mankhwala, dzanja la wosakaniza ndi mphamvu ya thupi la womwayo. Osalakwa ambiri anagona m'manda ndi dzina la ufiti.

M'zaka za m'ma 1930 kunabuka a mcape ocokera ku Nyasaland, nafalikira m'maiko ozungulira. Ankandanditsa anthu, kuwayang'ana pa galasi, kuwalanda nyanga ndi kuwamwetsa mankhwala, nalonjeza kuti ufiti watha. Anthu analipira, a mcape anapita, maliro sanaleke. M'caka ca 1995, pafupi ndi Liwonde, Billy Goodson Chisupe anati walota mankhwala a Edzi, ndipo makamu a anthu anakamwa. Edzi siinathe. Amene ali moyo ndi kacirombo lero ndi amene akumwa mokhulupirika mankhwala a ku cipatala.

Mverani zimene zinacitika m'cigawo cathu ca Tete. M'mwezi wa Janeiro 2015, ku Chitima, anthu anamwa pombe pobwera ku maliro. Anthu 75 anamwalira, ndipo oposa 200 anadwala. Mbiri inawanda msanga kuti wina wathira ndulu ya ng'ona mu mowa. Koma akatswiri atapima bwino anapeza kuti ululu unacokera ku tizirombo tosaoneka ndi maso timene tinamera mu ufa wa cimanga umene unanyowa nuonongeka. Panalibe mfiti. Mai amene anafulula mowawo nayenso anali pakati pa omwalira. Taganizani, abale, mudzi ukadathamangira kubwezera, magazi osalakwa akadaonjezedwa pa maliro 75 aja.

Ambuye Yezu anakumana nalo funso lomweli. Pa mutu 9 wa Mthenga wa Yoane Woyera, ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafuna kudziwa amene anacimwa, iye kapena makolo ace. Ambuye anakana kuloza munthu, namciritsa wakhunguyo. Mkristu atsate mapazi amenewa. Pa khomo la wodwala asafunse wolakwa, afunse cimene angathandize.

5. Korona si cithumwa

Cenjerani kuti mungabvule cithumwa ca sing'anga ndi kusandutsa mendulo kukhala cithumwa catsopano. Mtanda, korona, mendulo ya Amai Maria ndi madzi odalitsidwa ziribe mphamvu yobisika mwa izo zokha. Ziri zizindikiro zotikumbutsa ubatizo wathu ndi kutiitana kupemphera. Sitimlamula Mulungu, timampempha monga ana apempha atate ao, ndipo timalandira cifuniro cace. Amene amwetsa mwana madzi odalitsidwa nakana kupita naye ku cipatala wangosintha mphika, cikunja cikali mumtima.

Za makolo athu amene anatisiya, Eklezia satiuza kuti tiwaiwale. Timawakumbukira pa Misa, timawapempherera makamaka pa 2 Novembro, timasesa manda ao. Koma sitiwaopa ngati adani ofuna ufa ndi mowa kuti aleke kutidwalitsa. Iwo ali m'manja mwa Mulungu monga ifenso.

6. Mankhwala a mpingo ndi cikondi

Anthu ambiri sapita kwa woombeza cifukwa ca kuipa mtima. Amapita cifukwa ca mantha, ndiponso cifukwa akristu anzao awasiya okha. Woombeza amakhala pansi, namvetsera, napereka yankho. Ife tikangoletsa osafikako, takhala ngati munthu wolanda ndodo ya wopunduka osampatsa phewa.

M'caka ca 1977, ku Beira, Eklezia ya m'Moçambique inasankha kukhala Eklezia ya timipingo ting'onoting'ono, m'mene akristu eni ace agawana mautumiki. Utumiki wa odwala ndi umodzi wa iwo, ndipo inu mukhoza kuuyamba musanabatizidwe. Pakadwala munthu m'mudzi mwanu, fikani tsiku lomwelo. Amai atunge madzi, aphike phala, acape zobvala. Abambo apeze njinga kapena macira, anyamata apalire munda wa wodwalayo. Mpingo usunge kathumba ka ndalama za ulendo wa ku cipatala. Matenda akakula itanani wansembe adzapereke sakramenti la kudzoza odwala, monga kalata ya Yakobo Woyera itilangiza pa mutu 5. Ndipo nkhalamba ikanenedwa ufiti, pitani mukakhale pakhonde pace masana, mudye nayo nsima anthu akuona, mukauzenso amfumu ndi aboma.

Njira imeneyi nthawi zina imawawa. Ku South Africa kunali mphunzitsi ndi katekista, bambo wa ana 8, dzina lace Benedict Daswa. Mphezi zitatentha nyumba m'mudzi mwao, akuluakulu analamula kuti ali yense asonkhe marandi 5 olipira woombeza kuti apeze mfiti. Daswa anakana, nati mphezi ndi cinthu ca cilengedwe ndipo iye sangapereke ndalama yophetsa munthu wosalakwa. Pa 2 Fevereiro 1990 anamchingira pa njira namupha. Pa 13 Setembro 2015 Eklezia inamchula Wodala. Marandi 5 anali ndalama yocepa, koma iye anadziwa kuti kumapeto kwace kunali moyo wa mnzace.

Mafunso obwereza

Kodi mkristu angamwe mankhwala a zitsamba?
Inde, ngati alibe matsenga, sabvulaza munthu, ndipo samcedwetsa kupita ku cipatala.

Cifukwa ninji tikana kuombeza?
Cifukwa kumacotsa cikhulupiriro cathu kwa Mulungu, ndipo kumasenzetsa mlandu anthu osalakwa.

Kodi mkristu acitenji mnzace akadwala?
Amzonde, amdyetse, amperekeze ku cipatala, ampempherere, ndipo aitane wansembe.

Tipemphere

Atate, Inu munalenga mitengo ya m'chire ndi nzeru za ociritsa. Cotsani mantha m'mitima ya ana anu amene akukonzekera ubatizo. Pa usiku wa matenda muwalimbitse kuti asaloze mnzao cala, koma atambasule dzanja lothandiza. Tikupempha mwa Kristu Ambuye athu. Amen.