Mulungu anatiyankha kudzera m'manja a mtumiki wake

Ine ndine mayi wa ana asanu, mlimi wa fodya wa bale kuno ku Kasungu, m'dera la a Kaluluma. Ndikufuna kuchitira umboni za mdalitso umene Mulungu anagwetsera banja langa kudzera mwa mtumiki wake, mayi womasulira chinenero cha manja, amene anatisiya chaka chathachi. Anthu osamva a kuno ankamutchula ndi dzina limene anamupatsa okha: chala chogunda kawiri patsaya, pamene panali chipsera chake. Dzina lotere munthu sachita kupempha. Amakupatsa akaona kuti ndiwe wawo.

Mwana wanga wachitatu, mtsikana, anabadwa akumva bwinobwino. Ali ndi zaka zinayi anadwala matenda oumitsa khosi. Kuchipatala anamupulumutsa, tinabwerera naye kumudzi ali moyo, koma makutu anali atatseka. Timawu timene ankadziwa tinayamba kuzimiririka mpaka tinatheratu. Pamudzi panabuka manong'onong'o oti bambo ake amukhwimira mwanayo kuti mabelo athu azigulidwa bwino ku okushoni. Amene munalimapo fodya mukudziwa mmene mawu oterewa amalasira mumtima, chifukwa thukuta lonse la kunazale ndi kuchigafa limasanduka mlandu. Tinapemphera, tinasala kudya, tinakwera mapiri. Ena anamuthira mafuta m'makutu, ena anamukuwira kuti chiwanda chituluke, mwana akungonjenjemera poona nkhope zaukali za akuluakulu, osadziwa chimene walakwa.

Yankho la Mulungu linatipeza pa msonkhano wa chitsitsimutso kuboma, mwanayo ali ndi zaka 9. Pambali pa guwa panaima mayi wovala bulauzi yakuda yopanda maluwa, kuti manja ake azioneka bwino, ndipo kutsogolo kwake kunakhala anthu osamva, maso onse ali pa iye. Mwana wanga sanaphethire. Mapemphero atatha, mayiyo anabwera, nagwada kuti afanane naye msinkhu, nayamba kumulankhula ndi manja. Mtsikana wanga anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

Tsiku lomwelo mayiyo anandiuza kuti mwanayu sanatembereredwe, nzeru zake zonse zilipo, chimene akusowa ndi chinenero. Anandikumbutsa nkhani ya pa Marko 7, pamene Ambuye Yesu anakumana ndi munthu wosamva. Sanamukuwire pagulu. Anamutengera pambali, anamugwira makutu ndi lilime, nayang'ana kumwamba, zonsezo ndi zizindikiro zoti munthuyo aone ndi maso ake chimene chikuchitika. Ndime imeneyi ndinali nditaimva kuyambira ku Sande Sukulu, koma ulemu umene Ambuye anamupatsa munthu uja ndinauona tsiku limenelo. Mayiyo anatchulanso Levitiko 19:14, pamene Mulungu amaletsa kutemberera munthu wosamva.

Mayiyu ndiye amene anatidziwitsa kuti sukulu za ana osamva ziliko: Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe, ndi ya ku Embangweni ya Sinodi ya Livingstonia, yomwe ndi yapafupi ndi kwathu. Anatilembera makalata, natiperekeza yekha kudzera pa Jenda. Ndalama ya fodya amene tinagulitsa ku Chinkhoma chaka chimenecho inagula bulangeti, ndowa ndi sopo wa mwana wopita kusukulu yogonera komweko.

Koma sanalekere pomwepo. Ankati mwana akaphunzira kulankhula kusukulu n'kubwerera kunyumba kumene palibe womuyankha, ndiye kuti mwamuphunzitsa kusungulumwa. Choncho ankabwera kwathu nyengo yosoka fodya, n'kukhala nafe pansi m'chigafa, manja athu ali bii ndi utomoni wa masamba, iye akutikonza zala. Anatiphunzitsa kuti nkhope nayo imalankhula, kuti funso limaoneka pa nsidze, kuti munthu wosamva umamugwira paphewa mwaulemu, osati kumuponyera kamwala ngati ukuingitsa nkhuku. Anatiuzanso chinthu chimene sitinachiganizirepo: nyali ikazima, mwana wosamva watsekeredwa kunja kwa macheza onse a m'nyumba. Bambo ake anagula nyali ya sola, ndipo kuyambira pamenepo mapemphero a madzulo timachitira powala.

Ntchito yake inali yolemetsa, ndipo nthawi zambiri yopanda malipiro. Ankaitanidwa kuchipatala, kupolisi, kukhoti, kumaliro ndi kuzinkhoswe. Zimene wamva kumeneko zinkathera komweko; chinsinsi cha munthu sichinatulukepo pakamwa pake. Pomasulira sankawonjezera kapena kuchepetsa. Ndinamuona pabwalo la mfumu, bambo wina wosamva akudandaula za munda wake umene achibale anamulanda. Bamboyo anali wokwiya, ndipo mawu a mayiyo anatuluka ndi mkwiyo womwewo, moti bwalo lonse linakhala chete. Ena anamudzudzula kuti akanafewetsa. Ine ndimati anachita bwino, chifukwa mlanduwo unali wa mwini wake. Mwana wanga atakula n'kukwatiwa, tsiku lobereka mwana wake woyamba mayiyu anaima pamene wodwalayo akanatha kumuona, n'kumamuuza zonse zimene azamba ankanena.

Ukamuyamika, ankakana. Ankati chinenerochi eni ake ndi anthu osamva, iye anachita kuphunzira kwa iwo. Ankalemekeza bungwe lawo la MANAD, limene linayamba mu 1992, ndipo mtanthauziramawu wa chinenero cha manja cha ku Malawi atatuluka mu 2021, mothandizidwa ndi bungwe la anthu osamva la ku Finland, anasangalala kwambiri. Ankatikumbutsa kuti mayiko ambiri ali ndi chinenero chawochawo cha manja, ngakhale anzathu a ku Zambia kuseri kwa malire kuno ali ndi chawo. Lamulo loteteza anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012, koma iye ankati lamulo silingaime pambali pa bedi la wodwala, pamafunika munthu. Mu 2020, Covid-19 itabwera, zotchinga pakamwa zinabisa nkhope za anthu, ndipo womasulira wa pa kanema sankafika kumidzi yopanda magetsi. Iye anayenda pa kabaza kufotokozera osamva za matendawo.

Pa maliro ake anabwera anthu osamva ochokera ku Santhe, ku Chamama, ku Jenda ndi kutali. Anaimba nyimbo ya chitonthozo ndi manja, onse pamodzi. Mwana wanga anaimirira kulankhula m'malo mwa anzake, ndipo amene anamasulira mawu ake kwa khamu lonse anali mlongo wake, mwana wanga wamwamuna wotsiriza, amene anaphunzira chinenerochi ali kamwana m'chigafa muja. Makutu a mwana wanga sanatseguke mpaka lero, koma amapemphera, amasoka zovala, akulera ana ake, ndipo ine mayi wake ndimacheza naye. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezi ndi mtima wanga wonse.

Abusa ndi akulu a mpingo, tumizani achinyamata anu akaphunzire chinenero cha manja kwa eni ake. A MANAD akhoza kukulozerani njira. Inu makolo amene mwabisa mwana wosamva kuseri kwa nyumba, mutulutseni apite kusukulu. Mnyamata wanga wayamba kale kumasulira m'tchalitchi mwathu, koma ali yekha, ndipo akufunika anzake. Amen.